Chala cha alamu anga

Chaka chimene ankalemba anthu opopera mankhwala a udzudzu m'nyumba, tsiku loyamba la maphunziro ku Mualadzi linagundana ndi maliro a amalume anga. Maliro sathawidwa. Ndinachita zimene timachita kwathu kuno chiyambire: ndinatuma alamu anga kuti akandilembetse pa lista. Nanga si cholembera sichifunsa mwini dzina?

Alamuwo atabwerako anangoti zonse zayenda bwino. Sananene kuti kunalibe pepala, koma kamakina kogunda ndi chala, ndipo iwo anagunda chawo pa dzina langa. Masiku otsatirawo ndinapita ndekha, ndinaphunzira kusakaniza mankhwala ndi kubereka bomba, mpope uja wa kumsana. Ntchitoyi ndinkaifuna ndi mtima wonse, chifukwa chimanga chaka chimenecho chinatikana.

Tsiku loyamba ntchito, tekiniko wathu, woyang'anira ntchitoyi, mayi wosaseka wamba, anati aliyense agunde chala kuti makina atsimikize kuti anaphunziradi. Ndinagunda. Kamakinako kanayaka kofiira. Ndinapukuta chala pa thalauza, ndinachinyambita, ndinayesa ngakhale chakumanzere. Kofiira basi.

“Bambo, makina akuti inu si inu,” anatero mayiwo.

Manyazi osanena. Alamu anga, amene anabwera kudzangoonerera, anasendera pafupi monyang'wa, nagunda. Kobiriwira! Dzina langa mbee pa galasi, maphunziro onse atatha. Munthu wosadziwa n'komwe kumene bomba amaligwirira!

Ndinaulula zonse. Mayiwo anathira madzi m'bomba nati aliyense aonetse zimene anaphunzira. Alamu analibereka chozondotsa, madzi onse m'khosi mwawo. Ine ndinapopera khoma bwinobwino, mzere ndi mzere. Apo mpamene ndinaona mano a mayi aja. Anati ntchito ndi yanga, koma kusintha chala m'makina kumafuna chilolezo cha akuluakulu a ku Tete, ndipo pakali pano tsiku la ntchito silitseguka popanda chala cholembedwacho.

Choncho kwa milungu iwiri, m'mawa uliwonse, ndinkapalasa njinga nditakweza alamu anga, munthu wolemera ngati thumba la fetereza. Pa chitunda sankatsika. Ankakhala phee kumbuyoko, chala ali m'mwamba kuti chisadetsedwe, nkumandiuza kuti:

“Palasani bwino, alamu. Mukandigwetsa, mwadzichotsa ntchito nokha.”