Mikukwe ya ku Shimabala ndi chikho cha ku Mangalande

"Ba neba, manje chikho chija muzachiika pati, popeza mwawina?"

Anandifunsa choncho mayi wa nyumba yoyandikana ndi yathu, Lachiwiri m'mawa tili pampopi. Timu ya amuna ake ndiyo inagonja Loweruka lapitalo, ndipo ya amuna anga ndiyo inanyamula chikho cha mpira cha ku Mangalande. Ndinamuyankha kuti tichiika pa kabati, pambali pa mbale za alendo. Anaseka mpaka madzi kutayika. Za kumunda anali asanamve, ndipo ine ndinalibe mphamvu zoyamba kufotokoza ndowa ili pamutu.

Zinali zaka zija mafakitale a mu Kafue ankachotsa anthu pantchito mwezi ndi mwezi. Makuponi a ufa anali atatha, m'masitolo munadzaza katundu wakunja amene tinkangomuyang'ana pawindo. Amuna anga analandira kalata yawo mvula isanayambe. Tinali ndi ana awiri, wamkazi wa zaka zitatu ndi khanda la kumsana. Iwo anabadwira m'komboni momwemo, makolo awo atabwera kuchokera kum'mawa kudzagwira ntchito ya njanji. Ankadziwa mapaipi ndi masipanala, koma khasu ankaligwira ngati tsache. Ine ndinakulira kumudzi mpaka giredi sikisi, choncho za munda zinagwera ine.

Mzimayi wina wa kutchalitchi anatipezera kamunda ku Shimabala, kwa banja lina la alimi a komweko. Sanatilipiritse kanthu. Mayi mwini munda, munthu wolankhula mwachidule, anangotiuza chinthu chimodzi tsiku loyamba: kuno tikatha kukolola timamasula ng'ombe kuti zidye mapesi, ndipo tsikulo likanenedwa lanenedwa. Amuna anga anavomera ndi mutu, maso ali pa minibasi imene inkadutsa pamsewu wa ku Lusaka.

Pakati pa sabata iwo ankasaka ganyu, kutsitsa matumba kusiteshoni kapena kumasitolo a pikulitsa. Lamulungu eni munda sankalola khasu panthaka yawo. Ndiye tsiku lathu lolima tonse awiri linali Loweruka lokha. Mpaka Khrisimasi zinayenda. Tinabzala, chimanga chinamera bwino, nawonso anayamba kuzolowera matuza m'manja.

Chaka chitangotembenuka, chikho chinayamba.

Anandifotokozera mmene chimayendera. Timu ikagonja kamodzi yatuluka, palibe kudandaula. Yopambana imadikira kuti aichitire maere, ione yokumana nayo. Anatenga kalenda yakale ya kukampani, naitembenuza, nalemba kumbuyo kwake mayina a matimu mizeremizere, naikhomera kukhoma. Timu yawo inali ya malaya ofiira. Ya amuna a neba inali ya malaya abuluu. Amuna a nebawo anali akadali pantchito, anali ndi TV, koma mipira yoyambirira sinkaonetsedwa, inkangomveka pa wailesi ya kutali ija yolira ngati mafuta m'chiwaya.

Mpira unkayamba faifi koloko madzulo. Ndinkaganiza kuti munthu angathe kupalira mpaka thuu koloko n'kufikabe nthawi ilipo. Koma kukonzekera kwake kunkayamba dzuwa lisanafike pamutu. Mabatire aanikidwe padenga kuti apeze mphamvu. Waya akwezedwe pamtengo wa mango. Kenako kukangana ndi anzawo za amene asewere ndi amene wavulala.

Loweruka loyamba ofiira anakumana ndi katimu kakang'ono, akuti osewera ake ena anali omanga nyumba ndi onyamula makalata. Bwalo linali matope okhaokha. Ofiira anapambana mosavuta. Tsiku limenelo udzu m'munda unali utafika m'mawondo, ndipo tinapalira mizere isanu ndi umodzi basi.

"Atate ake, si munati ni katimu ka chabechabe? Manje muthamangira chani?"

"Amake mwana, tumatimu tung'ono ndiye tumene tuchititsa manyazi. Nifunika kukhalako."

"Azamvera kuti muliko?"

Anaseka, nanditsina patsaya, napita kukakwera minibasi.

Kumapeto kwa mwezi womwewo anafanana mphamvu ndi timu ina, ndiye anati abwereza pakati pa sabata. Mlungu wonsewo m'nyumba munalibe nkhani ina. Mnzawo wina wakale wa kufakitale anali atatipatsa feteleza wobereketsa m'chitini cha mafuta ophikira, koma ndinathira ndekha, mochedwa, khanda lili kumsana, ndipo mvula yamphamvu inagwa tsiku lomwelo n'kukokolola wambiri. Pobwereza paja ofiira anapambananso. Abuluu nawo anadutsa, akuti mwamwayi, mpira utagunda mwendo wa mdani n'kulowa wokha.

Ndiulule chinthu chimodzi. Ndinayamba kupempherera timu yofiira kuti igonje. Sindinkawafunira zoipa anthu amenewo, sindinawaonepo n'komwe. Ndinkangofuna Loweruka langa. Ndikamva phokoso panja, ndinkaima ndi mthiko m'manja kumvetsera ngati ndi la chisoni. Nthawi zonse linali la chimwemwe.

Mu Febuluwale anapambana ndi chigoli cha mphindi zomaliza. Amuna anga anathamanga opanda nsapato mpaka pamsika. Mu Malichi, chimanga chili chachiwisi, anatsala matimu asanu ndi atatu, ndipo ofiira anakapambana kubwalo la eni ake, wosewera wawo mmodzi atatulutsidwa. Abuluu anapulumutsidwa ndi goloboyi amene anagwira penate. Pakalenda paja mayina ankachepa, ofufutidwa ndi makala, ndipo mwana wanga wamkulu anaphunzira kuloza mzere wa atate ake asanadziwe chilembo n'chimodzi chomwe.

Sindinkakalipa. Anthu ena amati ndinalekerera, mwina n'zoona. Koma ndinkawaona m'mawa uliwonse wezulo ya kufakitale ikalira. Ankadzidzimuka, n'kufuna nsapato, kenako n'kukumbukira, n'kukhala pansi. Kuganyu ankaitanidwa kuti "iwe" ndi anthu amene kale ankawavulira chipewa. Loweruka madzulo lokha ndi pamene mawu awo ankamveka ngati kale, anzawo n'kumawafunsa maganizo. Ndinalibe mtima wowalanda chimenecho. Ndinkati chikho chidzatha, chimanga chidzadikira.

Mu Epulo matimu anatsala anayi. Ofiira anadutsa, abuluu anadutsanso. Amuna anga ndi a neba anakumbatirana pampanda, kenako anakhala mwezi wathunthu akunyozana.

"Muzalira, mudala. Gulani kale mipango."

"Imwe timu yanu yafika na mwayi chabe, monga chidakwa chofika panyumba."

Chimanga chinauma. Sichinali chambiri, udzu ndi mvula ija zinadya gawo lake, koma chikanatifikitsa mpaka nthawi yobzala. Ndinkasiya wamkulu kwa neba, n'kukwera ndi khanda masiku amene ndagulitsa zitumbuwa zokwanira ulendo. Ndinadula mapesi ndekha ndi chikwanje chobwereka, n'kuwaimika mikukwe kuti chiswe chisafike pa zitsononkho. Inakwana khumi ndi umodzi. Chinatsala n'kusenda, kuika m'matumba, ndi kunyamula kufikitsa kumsewu, ntchito ya anthu awiri ndi ngolo.

Mayi mwini munda anandipeza ndikumanga mkukwe womaliza.

"Lolemba m'mawa timasula," anatero. "Anzanu onse achotsa. Sukulu zatsegulidwa, oweta kulibe, ndipo ng'ombe tazisunga kudambo sabata ziwiri chifukwa cha imwe. Si zathu zokha, ni za mudzi onse. Ngolo muipeza pa Chiwelu masana, abambo akabwera kuchokera kokatula tomato."

Loweruka limenelo ndi limene linali la fainolo.

Nditawauza amuna anga, anati palibe vuto. Tipita m'mamawa, tisenda, ngolo ibwera, folo koloko adzakhala ali pa TV ya neba. Ndinawakumbutsa za Lolemba. Anati ng'ombe siziwerenga kalenda, ndipo kukampani chidziwitso chikati Lolemba, chimatanthauza Lachisanu. Ndinawauza kuti kumudzi sizitero. Anati ndimaopa zambiri.

Tinafika dzuwa likutuluka. Kunena zoona anagwira ntchito tsiku limenelo kuposa masiku onse. Ankagwetsa mapesi, ine ndikusenda ndi msomali, iwo n'kumathira m'matumba. Koma chimanga cha mumkukwe sichifulumira, ndipo khanda linkafuna bere. Pofika wani koloko tinali titatha mikukwe iwiri, matumba atatu. Ngolo inali isanaoneke. Anayamba kuyang'ana wotchi, kuyang'ana njira, kuyang'ananso wotchi. Thuu koloko itakwana anapukuta manja pa thalauza.

"Aba bantu sasunga nthawi. Tiyeni, tizabwera pa Mande kuseniseni, ng'ombe zikalibe kutuluka m'khola."

"Yendani imwe. Ine nizayembekeza ngolo."

"Mwakalipa?"

"Sininakalipe."

Anaima pang'ono. Ndikanati khalani, ndikhulupirira akanakhala, ndi nkhope yakugwa, koma akanakhala. Mawuwo anali pakamwa. Ndinaona mmene ankapondera pansi ngati nthaka ikuwotcha, ndinakumbukira miyezi isanu ya kalenda ija, ndipo ndinangoti asaiwale kumupatsa mwana mbatata imene ndinasiya mumphika. Anathamanga kulowera kumsewu.

Ngolo inabwera hafu pasiti fili. Bambo mwini munda anali wodwala msana, sakanatha kunyamula thumba. Anafunsa kuti amuna anu ali kuti. Ndinati apita kukaona odwala. Anandiyang'ana. Ndinakoka matumba atatu aja ndekha, kuwagubuduza pa thabwa mpaka m'ngolo. Anati ng'ombe zatopa, ulendo ndi umodzi wokha. Ngakhale akanalola wachiwiri, ndani akanasenda, ndipo ndani akanalonda matumba kumsewu?

Ndinapeza kagalimoto ka makala kobwerera ku Kafue. Tikulowa m'tauni, m'misewu munalibe mwamuna ndi mmodzi yemwe. Nyumba iliyonse ya mlongoti inali yotseka makatani, anthu atadzaza mpaka pakhonde. Woyendetsa ananditsitsira matumba pakona, nafulumira kukafunsa zigoli. Ndinakhala pa thumba limodzi kuyamwitsa mwana. Ndili pomwepo komboni yonse inaphulika. Zitseko zinatseguka, anthu akuimba malata ndi mapoto, ndipo ndinaona amuna anga atanyamulidwa pamapewa ngati ndiwo amwetsa chigoli. Atandiona anatsika, nabwera akuwefuka, maso ali ndi misozi.

"Amake mwana, tatenga! Tatenga!"

"Mwachita bwino. Nyamulani aya."

Ananyamula onse atatu, limodzilimodzi, akuimba.

Lamulungu ndinawapempha kuti tipite tikachonderere eni munda. Anati n'kupanda ulemu kusokoneza anthu pa tsiku lopemphera, ndiponso anzawo ankabwera mmodzimmodzi kudzawagwira chanza. Lolemba tinadzuka tambala woyamba. Koma Lolemba m'mawa minibasi zonse zimadzaza ndi opita ku Lusaka, ndipo kondakitala safuna munthu wotsikira panjira. Zinatidutsa zisanu ndi imodzi. Tinafika ku Shimabala cha m'ma naini.

Fumbi tinalionera kumsewu. Ng'ombe zinali m'munda monse, zakuda, zofiira, ndi ana omwe, zoposa zimene ndikanatha kuwerenga. Mikukwe inali itagwetsedwa n'kumwazidwa. Ng'ombe ikapeza chitsononkho siyang'ananso phesi. Amuna anga anatola ndodo, nathamangira uku ndi uku akukuwa, koma akathamangitsa za kumtunda za kumunsi zinkabwerera. Ine sindinathamange. Ndinamasula chitenje chimodzi, ndinayamba kutola zimene zinapondedwa m'dothi, zolumidwa theka, zamalovu.

Mayi mwini munda anabwera n'kuima m'malire. Sanakalipe, sanapepese.

"Ninakuuzani," anatero, kwa ine osati kwa iwo. Kenako anawerama n'kuyamba kutola nane.

Amuna anga anakhala pa chulu, ndodo ili pamiyendo. Patapita nthawi anandifunsa ndi mawu aang'ono ngati chotolacho chingagayike. Ndinati tikachitsuka n'kuchianika, china chigayika. Anatsika, natola nafe mpaka dzuwa litapendeka. Chaka chotsatira eni munda anabwereketsa malowo kwa banja lina, ndipo sindinawaimbe mlandu.

Pa mikukwe khumi ndi umodzi tinapulumutsa iwiri, ndi zotola zodzaza ndowa ziwiri. Isanu ndi inayi inapita, matumba ngati khumi ndi atatu. Panapitanso mbewu imene ndinasankha kuti ndidzabzale, nshima ya kuyambira Ogasiti mpaka mvula, ndi munda womwewo.