Limu ya Kuseri kwa Chitunda

Achimwene, chiperoni chayambanso, choyamba chimwalirireni inu. Lero m'mawa ndinali ku gofu, pa dzenje lija analiika kuseri kwa chitunda, pomwe munthu amamenya mpira osaiona mbendera. Limu ya tayala la galimoto ija, belu lathu, ikadali pamtengo. Otsogola amailizabe akamaliza, kuti ife am'mbuyo timenye osavulaza munthu. Wina anailiza kamodzi kokha, ngwee, basi. Ine ndinangoti njo ndodo ili m'manja, kudikira kuti apitirize.

Inu simunkaliza mwaulesi choncho. Mukukumbuka tsiku lija nkhungu inameza phiri lonse, udzu uli chinyontho, zala zitauma ndi kuzizira? Munaiomba ngati ng'oma ya tchopa, osalekeza, mpaka ndinakalipa kuti, "Achimwene, anthu akutiseka!" Mawu anu anatulukira m'nkhungumo: "Menya iwe, mpirawo ukuzizidwa!" Ndinamenya ndikuseka, mpira nkukagwera m'munda wa tiyi, ndipo munandiseka njira yonse mpaka ku Thuchila. Lero mpira unakaima pafupi penipeni ndi dzenje, koma nditakwera chitunda kuseriko kunalibe woti ndimuonetse. Mwatsogolanso, achimwene. Bwanji ulendo uno simukundilizira?