Tsiku Limene Nthaka Inakana Bambo Anga

Ndinadzuka kusanache, ngati kuwodzera pampando kungatchedwe kugona. Amayi a kumpingo anali akuimbabe motsitsa mawu, kuopa aneba. Siwa ya m'fulati ku North York, kunja kuno, ndi yotero: moto wa panja palibe, mbaula ya magetsi yokha, ndi nsapato zonyowa zitaunjikana pakhomo.

Bambo anga ndinawaitanitsa kuno atakalamba kale. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ankagwira ntchito ku injini m'sitima yankhondo ya Angerezi, ya mtundu wopepuka wotchedwa kuruza. Ankati inapangidwira liwiro, ndiye chitsulo chake chinali chopyapyala, ndipo m'kati anaigawa zipinda zokhala ndi zitseko zosalowa madzi. Tsiku lina ikuperekeza sitima za katundu, bomba linaiboola m'nthiti. Akuluakulu a sitimayo analamula kuti zitseko zitsekedwe. Sitima inapulumuka, koma anzawo anatsalira kuseri, akugogoda. Kuyambira pamenepo bambo sankagona chitseko chili chotseka, ngakhale m'chisanu cha kuno. Anandipempha chimodzi chokha: akadzafa, adzapite m'dothi, tisadzawatsekere.

Kutacha anthu anadzaza, athu ndi a ku Zambia, ena atavala yunifolomu ya kuchipatala. Mphepo inali yoluma makutu. Tinanyamuka pa mdipiti wa magalimoto, nyali zikuyaka, mpaka ku manda a ku Mississauga.

Dzenje sitinalipeze. Woyang'anira manda anati nthaka yauma gwa ndi chisanu, makina akanika, bokosi lisungidwe m'kanyumba kawo mpaka nyengo itafunda.

Kwathu manda amakumba ndi anthu, choncho abambo anavula magolovesi. Mkulu wina wa mpingo anati, "Tikumba tokha, angotipatsa mapiki. Ife sitikomplena."

Woyang'anirayo anakana mwaulemu, ati malamulo salola. Wina anatenga fosholo m'galimoto mwake n'kumenya pansi. Inalira ngati yagunda mwala, ndipo aliyense anazyolika.

Kanyumbako kanali ndi chitseko chachitsulo. Tinaimba nyimbo, bokosi linalowa. Pomwe ankakoka mpiringidzo ndinakuwa, sindibisa, moti amayi awiri anachita kundigwira. Tinabwerera popanda woponya dothi, ndipo panalibe wosamba m'manja monga timachitira pochoka ku manda.

Madzulo nyumba inangoti zii, mipando yobwereka itatsamira khoma. Mwamuna wanga, pomva kuzizira, anatseka chipinda cha bambo. Ndinanyamuka, n'kukachitsekula, n'kutsamiritsapo nsapato yawo. Chikhala chomwecho mpaka nthaka itafewa.