Botolo la Malita

Ntchito inandipeza ndili pamzere wa jekeseni kuchipatala cha kwathu ku Makhuwira. Bambo Alufandika a zaumoyo anandimva ndikulongolola, nati pakamwa potere sipoyenera kuthera miseche. Ndinali ndisanakwane zaka makumi awiri. Ine ndi anzanga ena anatiphunzitsa pansi pa mtengo zolangiza anthu zaumoyo m'midzi, n'kutipatsa timabotolo ta mkodzo ndi nsalu yojambulidwa nkhono ndi thupi la munthu. Anatichenjeza kuti za kulera tizinena motsitsa mawu, a chipani makutu awo ndi aatali.

Nsaluyo sinkakopa munthu. Atsikana ankamasuka kudambo, pozula nyika, mizu yodyedwa ya maluwa a m'madzi. Ndikatsinzina ndimaonabe nkhungu itagona pamadzi, maluwa akutseguka pang'onopang'ono, bwato likudutsa ngati mulibe wopalasa, ife madzi ali m'chiuno, nkhani zikungotuluka zokha. Masiku amenewo ndimawasowa.

Kumeneko ndi kumene Malita, kamtsikana ka sitandade folo, kanandinong'oneza kuti kakula. Azakhali ake anaona magazi pansalu n'kuuza anamkungwi, ndipo mnyamata wina wodula nzimbe anali atatumiza kale mawu. Sukulu inali itathera pomwepo. Ndinamufunsa kuti magaziwo amabwera liti. Anati tsiku lililonse, pomaliza kukodza, chiyambire madzi osefukira, ndipo mlongo wake wamng'ono, Joni, amateronso.

Ndinamupatsa botolo kuti akodzeremo, n'kupita nalo kuchipatala. Bambo Alufandika anati ndi likodzo, koma kwa anamkungwi mwamuna safikako, ndipite ndekha.

Kwathu mtsikana wosakwatiwa saphunzitsa anamkungwi za magazi. Ndinagwada patali, botolo ndaliika pamphasa.

"Iwe mwana wadzulodzulo, wabereka angati?" anatero Mayi Nyakamera, mkulu wawo.

"Sindinabereke, mayi. Koma Joni, mlongo wake wa Malita, naye akukodza zofiira chomwechi. Kodi nayenso mumuvinira?"

Mmodzi anaphulika kuseka mpaka kugwira nthiti. Mayi Nyakamera sanaseke. Anaunika botolo padzuwa nthawi yaitali, n'kuitana Malita, n'kumufunsa okha chapansipansi. Pomaliza anati wodula nzimbe uja auzidwe kuti mapira sanache.

Malita anamwa mapiritsi, magazi analeka. Mvula itayambanso ndinamuona akuoloka kamtsinje, mabuku ali pamutu.

Aliyense anali atamufunsa ngati waona magazi, koma panalibe anamufunsa kuti amabwera liti. Mpaka lero, ndisanatambasule nsalu yanga, ndimayamba ndafunsa.