Ndinabisa Mapasipoti M'fodya

Inu owerenga, ine ndine mayi wachikulire wa kuno kwa Wimbe, ndipo ndikufuna ndivomere kuti ndinatsala pang'ono kulepheretsa ulendo wa banja langa lomwe chifukwa chosakhulupirira munthu. Palibe anandibera, palibe anandilodza. Ndinazichita ndekha ndi manja angawa.

Khalidwe limeneli sindinaliyambe dzulo. Ndakalambira m'munda wa fodya, ndipo ndaona anthu akukumwetulira uku akukupondera sikelo. Makiyi anga amakhala pamfundo ya chitenje, ndipo munthu akanditalikitsira moni ndimayamba kuyang'ana kukhola.

Mdzukulu wanga Alinafe, mwana wa malemu mwana wanga wamkazi, ndinamulera ndine kuyambira asanayambe sukulu. Anali ndi mutu, mpaka anapeza mwayi wokaphunzira ku Morishasi, chilumba chimene chili pakati pa nyanja yamchere. Anaphunzira uku akugwira ntchito, ndipo chaka chathachi anaimba foni kuti tsiku lovala mkanjo womalizira maphunziro layandikira. Anati akufuna tikamuone atatu: ine, malume ake Lameki, ndi mkazi wa Lameki, Nabanda. Masiku anayi okha, matikiti adzagula yekha. Amayi ake sanamuone akulowa ngakhale sitandade wanu, ndiye mtima wanga unati ndikamuonere ineyo.

Komabe ndinafunsa mafunso. Lameki anali atandiuza kuti chilumbacho chinachita kutumphuka m'nyanja ndi moto wa pansi pa nthaka, ndipo pakati pake pali phiri la dzenje pamene motowo unkatulukira. Ndinafunsa Alinafe kuti anauzimitsa ndani. Anaseka mpaka kutsamwa.

"Agogo, unazima kalekale. Pano pamera mitengo, anthu amayendapo m'mawa powongola miyendo."

Ndinamuuza kuti chikuni chimaoneka chozima nacho, koma ndipita.

Tinayamba kukonzekera. Kunena zoona, inali nyengo yokoma. Tinapita ku Lilongwe kukajambulitsa za mapasipoti, ine nditavala duku yanga ya pa Sabata. Tinakambirana za amene adzatsale ndi mbuzi, za minibasi yotifikitsa pa Kasungu boma, za nsapato zoti ndisakapunthwe nazo pokwera ndege. Nabanda anasoketsa zovala zofanana za ine ndi iye. Ine ndinasankha mtedza wabwino woti ndikazingire mwanayo. Koma ndinaika lamulo limodzi: m'mudzi asadziwe munthu. Ulendo sulengezedwa, ena amakutsekera njira usananyamuke.

Mapasipoti atatuluka ndinawalanda onse atatu. Ndinati ndisunga ndine. Chifukwa chenicheni chinali Nabanda. Mpongozi wangayo ndi munthu wansangala, woseka ndi aliyense pachitsime, ndipo ine ndinkaona kuti tsiku lina adzawatenga kukaonetsa anzake a kutchalitchi. Zaka zonse zimene wakhala pakhomo pano sanandilakwirepo, koma ine ndinkati amene sanalakwe ndiye kuti sanapezebe mpata.

Tsono pobisa ndinaganiza mwaukatswiri wanga. M'sutikesi ndi pansi pa matiresi ndi pamene wakuba amayambira. Kudenga kuli chiswe. Ndinakumbuka kuti tizilombo sitiyandikira fodya. Ndinakulunga mapasipotiwo m'jumbo yakuda, ndinalowa m'chipinda chimene tinaunjikamo fodya wosankhasankha kale, n'kuilowetsa pakatikati pa mulu, mkono wonse kulowa. Sindinauze munthu, ngakhale Lameki mwana wobereka ndekha.

Patangopita masiku ochepa kunagwa maliro a msuweni wanga ku Kapelula. Ndinapita, ndinakhalako masiku atatu. Amene mumalima fodya mukudziwa kuti jeke yodindira mabelo, ya kalabu ya alimi, imayenda khomo ndi khomo, ndipo ikafika pakhomo panu simunganene kuti dikirani agogo abwere. Inafika ine kulibe. Anadinda mabelo asanu ndi limodzi, anasoka ziguduli, lole inabwera, Lameki anaperekeza fodyayo kumene amasungira podikira okushoni.

Nditabwerako ndinapeza chipinda chili mbee, chosesedwa bwinobwino. Ndinakhala pansi pomwepo. Ndinaona m'maganizo mapasipoti athu atapanikizika m'belo, akupita kunja kwa dziko okha, eni ake titatsala.

Apa ndiye ndinalakwa kachiwiri, ndipo kulakwa kwake kunaposa koyamba. Nabanda anabwera kudzandipatsa moni wa kumaliro, anagwada pakhomo, anachedwa pang'ono ngati munthu amene akudikira mawu. Ine ndinangoti tayenda bwino, basi. Lameki atafika masana omwewo ndinamuitanira kuseri kwa chigafa, n'kumuuza za mapasipotiwo monong'ona. Ndinamulumbiritsa kuti mkazi wake asamve, chifukwa sindinkafuna kuti mpongozi andiseke. Mwana wanga anagwira m'chiuno, anayang'ana kumwamba nthawi yaitali. Kutacha ananyamukanso kubwerera kumene anasiya fodya kuja, atanamiza mkazi wake kuti pali pepala la kalabu limene linasokonekera.

Kumeneko anachonderera mpaka anamulola kutulutsa mabelo athu pamzere. Anawamasula onse asanu ndi limodzi, limodzilimodzi, akupapasa ndi manja. Fodya woti wadindidwa kale ukamumasula amaphwanyika, ndipo malo athu pamzere anatenga ena. Anakhalako masiku atatu, akugona pakhonde. Masiku omwewo Alinafe ankaimba m'mawa uliwonse kuti timutumizire chithunzi cha tsamba la pasipoti, apo ayi sangagule matikiti, ndipo mipando ikutha. Ine ndinkanama kuti netiweki ikuvuta. Chakudya sichinkatsika. Nabanda ankandiyang'ana, ine ndinkayang'ana kumbali.

Lameki anabwera wofumbira, ndevu zili nyankhalala, m'manja mulibe kanthu. Anatipeza tikusenda mtedza pabwalo. Sanathenso kubisa.

"Amayi, mulibe. Mabelo onse ndang'amba, mapasipoti mulibe. Muuzeni nokha Alinafe kuti sitibwera, ine sindingathe."

Nabanda anaika lichero pansi. "Mapasipoti? Ndi zimene munapitira?"

Analowa m'nyumba mwake, anatuluka ndi jumbo yakuda ija, anagwada n'kuiika pamiyendo panga. Ndinaitsegula, onse atatu analimo.

Zinali chonchi. Tsiku lodinda, ntchito ya Nabanda ndi kupapasa fodya asanalowe m'jeke, chifukwa kapulasitiki kakang'ono kakapezeka m'belo ogula amabweza belo lonse. Dzanja lake linakhudza jumbo. Anasuzumira, anadziwa mwini wake, anaibisa m'chitenje msanga kuti abambo a kalabu asaone, poti ndinali nditanena kuti ulendowu usamveke. Mwamuna wake sanamuuze, poopa kuti andikalipira pamaso pa anthu.

Lameki anamufunsa mwaukali chifukwa chimene sanaiperekere kwa ine nditangofika. Yankho lake sindidzaliiwala, ngakhale analiyankhula motsitsa, maso ali pansi.

"Ndimadikira amayi afunse. Ndikanabweretsa ndekha akanati ndimafufuza zinthu zawo."

Ankanena zoona. Ndikanaterodi. Masiku onsewo chinthu chinali m'nyumba yoyandikana ndi yanga, kwa munthu amene amanditungira madzi, ndipo chimene chinkafunika ndi funso limodzi lokha. Ine ndinasankha kutumiza mwana wanga kukang'amba thukuta la chaka chonse.

Ndinapepesa. Pa msinkhu wangawu kupepesa mpongozi si chinthu chapafupi. Iye anangoti zatha amayi, n'kutenga foni kujambula masamba aja. Alinafe anapeza mipando, ngakhale sinali yoyandikana. Fodya wathu anamudindanso, anagulitsidwa mochedwa, ndipo wina anatsika giredi chifukwa chophwanyika. Lameki sanandinenepo za zimenezo, koma ndimadziwa kuti malata amene ankafuna kukhoma chaka chimenecho sanakhome.

Ulendo tinayenda. Ndinamuona mwana wa mwana wanga atavala mkanjo ndi chisoti cha ngodya zinayi, dzina lake likutchulidwa pakati pa anthu a mitundu yosiyanasiyana. Ndinaluluta ndekha m'holo monse, Nabanda anandithandiza, anthu anatembenuka, ife sitinasamale. Tsiku lotsatira Alinafe anatitengera kuphiri la dzenje lija. Ndi loona, mwamera mitengo yobiriwira, pansi pake pali kadziwe. Ndinaima patali ndi m'mphepete ndithu, ndipo ndinagwira nthaka ndi chikhatho kuti ndimve ngati ikufunda. Inali yozizira. Kumeneko kuli minda ya nzimbe yosaoneka mapeto ake, ndipo ndinadabwa kuona miyala yakuda itaunjikidwa m'mindamo ngati zulu. Masiku anayi anatha ngati tsiku limodzi. Njira yonse, popita ndi pobwera, pasipoti yanga inali m'chikwama cha Nabanda. Ndinamupatsa ndekha.

Musaganize kuti ndasanduka munthu wina. Sikelo ya mavenda ndimaikayikirabe, ndipo ulendo wanga sindilengeza pachitsime mpaka lero. Kusamala si tchimo. Koma inu anzanga amene mumasunga zinthu za banja, makadi a feteleza, mapepala a munda, ziphaso za ana, ndikupemphani: pamene mwabisa adziwe munthu mmodzi wa m'nyumba. Mungadwale, mungaitanidwe kumaliro, ntchito ya pakhomo siidikira inu. Ndipo chinthu chikasowa, musayambe ndi kunong'ona kuseri. Funsani poyera, manyazi a mphindi imodzi sapha.

Koposa zonse yang'anani bwino amene mukumutsekera kunja. Ine ndinakhala zaka ndikulondera mpongozi wanga, osadziwa kuti iye waphunzira kuyenda mondiopa, mpaka kuopa kundibwezera chinthu changa chomwe. Ngati pakhomo panu pali munthu wotero, amene amakuchitirani zabwino mobisa ngati akuba, musadikire kuti mabelo ang'ambidwe. Muitaneni lero, mukhale naye pamphasa, mumufunse zimene wakhala akudikira kuti mufunse.