Bedi la namwino wa ku Kaporo

Izi sindinauzepo munthu. Gulu lathu la amalonda pa Karonga Boma linaika lamulo loti wosatumizira mnzake kasitomala achoke. Ine ndimakonza maambulera, ndipo chimwalirireni mkazi wanga, kumsonkhano wagululi n'kokhako kumene munthu amandifunsa kuti ndadzuka bwanji.

Tcheya atandiloza, ndinalibe woti n'kutchula. Ndinaimirira n'kunena kuti namwino watsopano ku Kaporo akufuna bedi, ndipo ndamulozera kwa a Mwangonde, kalipentala wathu. Anthu anawomba m'manja. Ndinawonjezeranso kuti ndi wamtali kwambiri, ngati pali amene anandifunsa.

Patapita milungu, a Mwangonde anandipeza pakhonde.

"Adada, nesi wanu uja ali kuti? Bedi ndamaliza, kutalika ngati bwato. Kapena mwamukwatira nokha?"

"Kwasefukira madzi kumeneko," ndinatero. Munali mu Okutobala.

Anayang'ana kumwamba, n'kundiyang'ana ine, n'kumapita.

M'mawa mwake ndinagulitsa mbuzi yanga, n'kukawauza a Mwangonde kuti namwino uja wandituma ndi ndalama za bedi lija. Anandithandiza kulikweza pangolo, kenako anati, "Tiyeni ndikuperekezeni, adada. Nokha simulowa nalo pakhomo panu paja."