A Onesimo ndi batani lokanira munthu

A Onesimo amakonza mafoni m'kakontena pafupi ndi msika wa Zingwangwa. Makolo awo anachokera ku Nsanje, koma iwo anabadwira m'tauni muno. Sukulu ya makompyuta anaisiyira panjira bambo awo atadwala. Makasitomala akasowa, a Onesimo ankapanga gemu yawo ya makadi yosewera pa foni, ndipo mu 2017 ambirife tinali nayo.

Ndi munthu wokonda macheza, mwina n'chifukwa chake anaipanga choncho. Ukaitsegula inkakufunsa ziwiri zokha: usewera ndi amene unasewerapo nawo, kapena ndi amene ali pafupi? Pansi pa dzina la aliyense inkalemba dera limene ali. "Makadi n'kucheza," ankatero. "Angakane mnzake ndani?"

Ine ndinkasewera ndi amuna anga a Rafaeli masana, iwo akupuma kuntchito, ine ndikuyamwitsa mwana wathu Alinane. A Rafaeli atamwalira, abale awo anagawana katundu mwa mwambo wakwawo: jekete kwa uyu, njinga kwa uyo. Foni inapita kwa akulu awo, a Herbert. Ndi iwo omwewo ananena pamaliro kuti malowolo anaperekedwa, mwana ndi wakwawo, adzamutenga akasiya bere. Ndinachoka ku Bangwe osatsanzika munthu, n'kudzapeza kachipinda kuno ku Zingwangwa.

Tsiku lina masana, Alinane ali m'tulo, ndinatsegula gemu ija. Panabwera dzina: Rafaeli. Chithunzi chawo chomwe chija, akumwetulira. Anaponya khadi. Nanenso ndinaponya, sindidziwa chifukwa chake. Kenako ndinaona pansi pa dzina langa: Zingwangwa.

Ndinabereka mwana n'kuthamangira kukontena.

"Amake Alinane, mwaona mzukwa?" anaseka a Onesimo.

"Eya. Mwaubweretsa ndinu."

Atayang'ana foniyo, kuseka kunatha.

"Foni ya malemu ili ndi ndani?"

"Alamu anga. Lero adziwa dera. Mawa adziwa khomo."

"Ine ndimati ndikukumanitsa anthu," anatero chapansipansi.

Anabweza kasitomala wofuna chaja, n'kukhala pa laputopu mpaka dzuwa kupendeka. Anachotsa zolemba dera zija kwa aliyense. Pambali pa dzina lililonse anaikapo kabatani katsopano: Uyu ayi.

"Dinani nokha, mlongo. Koma mukadina, dzinali silidzakupezaninso. Ndi chithunzi chomwe."

Ndinaiyang'ana nthawi yaitali nkhope ija. Kunalibenso kwina kumene a Rafaeli akanandiitana masana. Alinane anadzuka kumbuyoku, n'kuyamba kundikoka tsitsi. Ndinadina.

Sabata yomweyo a Herbert anatulukira pakontena. Ndinawaonera patali ndikugula tomato, atavala jekete lija. Kaya analitenga bwanji kwa mwini wake. Kumbuyo ankaoneka ndendende ngati amuna anga. Ndinabisala kuseri kwa matumba a makala, dzanja lili pakamwa pa mwana.

"Iwe, gemu yakoyi yafa," ndinawamva. "Siikundipatsanso mlamu wanga Filomena. Amakhala mbali iti?"

"Ndi netiweki, akulu," anayankha a Onesimo osadzutsa mutu. "Ndipo za dera zija inkangolemba zabodza. Mayi wina wa ku Machinjiri inamuika ku Chilomoni."

A Herbert anaimabe, maso akuyenda mumsika monse. Kenako anakwera minibasi.

Alinane anasiya bere, ndipo ndili naye. A Onesimo akuti kabatani kaja akukadina kwambiri ndi azimayi, moti sanenanso kuti makadi n'kucheza. Ine ndimasewerabe ndi anthu osawadziwa. Koma masana foni ikalira, ndimayamba ndayang'ana kukhomo.